Mwana wa zaka 8 akufuna kuyamba kukwera hatchi, ndimuteteze bwanji?

MayiWaKuMidrand

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumawadziwa mahatchi. Tikukhala pa famu ina yaing'ono cha ku Midrand, kufupi ndi Kyalami ku South Africa, komwe bambo a ana amagwira ntchito ya m'gadeni. Eni malo ali ndi mahatchi angapo ndi kahatchi kakafupi kamene amati poni, ndipo anena kuti mwana wathu wamkazi wa zaka 8 atha kumaphunzira nawo kukwera Loweruka lililonse, osalipira kanthu. Mwanayo wakondwa, koma ine mtima uli m'mwamba.

Kodi ana amavulala motani kwenikweni ndi nyama zimenezi? Helemeti ya njinga tili nayo, ingakwane? Nanga akagwa, ndidziwe bwanji kuti apa mpofunika kuchipatala? Palinso kamlongo kake ka zaka 4 kamene sikasiyana naye, komwe wapita nako kali komweko.

WaKuKhola

Mayi, ndiyambire pa amene mwamutchula kumapetoyo, chifukwa ndi amene ali pangozi kuposa wokwerayo. Wokwera amakhala atavala chipewa, mphunzitsi akumuyang'ana, hatchi ili m'manja mwa munthu. Wa zaka 4 amangoyendayenda pansi aliyense maso ali kwina, ndipo mutu wake uli pa msinkhu womwe chiboda chimafika hatchi ikaponya theche. Wamkulu theche limamupeza pantchafu kapena m'chiuno, mwana limamupeza kumaso, pachifuwa kapena pamimba. Asalowe mumpanda wa mahatchi popanda wamkulu womugwira dzanja. Ndati womugwira dzanja, osati womuyang'anira ali chapatali ndi foni.

Hatchi yaikulu imalemera makilogalamu 450 mpaka 600, titi matumba 10 a chimanga kapena kuposerapo. Poni imakhala cha m'ma 200 mpaka 350. Nyama yotere sichita kufuna kuti ikupwetekeni. Ikangosuntha mwendo n'kuponda phazi lovala patapata, zala zathyoka. Ikangoponya mutu kumbali pothamangitsa ntchentche, n'kuomba nkhope ya mwana, mano aguluka. Choncho nsapato zotseka ndi helemeti azivala akangolowa pachipata cha khola, asadikire kuti akwere.

Maso a hatchi ali m'mbali mwa mutu, ndiye imaona pafupifupi mozungulira monse kupatula malo awiri, kumbuyo kwenikweni kwa mchira ndi patsogolo penipeni pafupi ndi mphuno. Ndi nyama yoti kutchire imasakidwa ndi zilombo, moti chinthu chikaidzidzimutsa siyamba yaganiza kaye. Imathawa, ikasowa kothawira imamenya. Mwana aziiyandikira kuchokera m'mbali, cha paphewa, akuyenda pang'onopang'ono ndiponso akuilankhula kuti idziwe kuti kwabwera munthu.

Podutsa kumbuyo kwake, akuluakulu amachita ziwiri: kudutsa moigunda, dzanja lili pathako pake, kapena kutalikira mamita 3. Malo oopsa ndi apakatiwa, mita imodzi kapena imodzi ndi theka, chifukwa ndi pamene mwendo umakhala utatambasuka wonse ndipo theche limafika ndi mphamvu zake zonse. Koma njira yogundayo musamuphunzitse mwana wa zaka 8, msinkhu wake sulola. Iye azizungulira kutali basi. Kukwawira pansi pa mimba kapena kudutsa pansi pa khosi la hatchi yomangirira, ayi. Popesa miyendo asamakhale pansi kapena kugwada, azinyonyomala kuti athe kudumpha msanga.

Hatchi imachenjeza isanamenye, vuto ndi loti mwana sadziwa kuwerenga. Makutu akagona chagada mpaka kukakamira kukhosi, mchira ukamakwapula mwaukali pomwe ntchentche palibe, mwendo wakumbuyo ukanyamuka ntchafu itauma, choyera cha m'diso chikaonekera, abwerere m'mbuyo n'kuitana wamkulu. Muzimufunsa mutaima kunja kwa mpanda kuti, iyo apoyo makutu ake akuti chiyani? Amaphunzira msanga.

Tsopano chingwe, chimene chimadula zala za anthu. Asachikulunge padzanja, pamkono, m'chiuno kapena kuchikoleka pakhosi, ngakhale kwa mphindi imodzi yomanga nsapato. Hatchi ikadzidzimuka chingwe chimakoka mwakamodzi, chimasenda khungu la chala mpaka fupa kuonekera, kapena kumukhwekhwereza mwanayo. Dzanja lamanja ligwire masentimita 20 mpaka 30 kuchokera pachibwano cha hatchi, chotsalacho achipinde mopita n'kubwerera ndipo achigwire chapakati ndi lamanzere. Aziyenda kumanzere kwa hatchi molingana ndi phewa lake, osati kutsogolo akuikoka. Chala asalowetse m'mphete zachitsulo za halter, malamba aja ovekedwa kumutu kwa hatchi amene chingwe chimakolekedwapo. Ndipo auzidwe momveka kuti hatchi ikakoka mwamphamvu, asiye chingwe, palibe adzamukalipire. Ana ambiri amakakamira chifukwa choopa kudzudzulidwa kuti athawitsa hatchi ya abwana.

Pomangirira, mfundo ikhale yosolola, yoti mukakoka nsonga imamasuka nthawi yomweyo. Musamangirire pachitsulo penipeni, ikani kaye kachingwe kopyapyala ka mabelo a udzu kaja, kuti hatchi ikakoka mwamantha kaduke ikoko. Pokaimasulira kubusa, lowani nayo, itembenuzeni iyang'ane kuchipata, kenako vulani halter n'kubwerera m'mbuyo. Mukaimasula itayang'ana kutsogolo imanyamuka ndi liwiro n'kuponya mateche achisangalalo inu muli kumbuyo kwake.

Nthawi ya chakudya ana onse awiri asapezeke. Kulowa pakati pa mahatchi ndi ndowa ya chakudya n'kudziika pakati pa ndewu yawo. Karoti ngati n'kofunika kupatsa, chikhatho chitambasuke, zala zigundane, koma kuika m'ndowa n'kwabwino koposa chifukwa hatchi yozolowera kudyera m'manja imayamba kuluma matumba ndi zala. Yaimuna yosafula ndi yaikazi imene ili ndi kamwana, zimenezo si za ana n'komwe.

MphunzitsiWaPaChishalo

Achimwene a kukhola anena zapansi, ine ndinene zapamwamba.

Helemeti ya njinga siikwana, mayi. Munthu ali pahatchi mutu wake umakhala mamita awiri ndi theka kapena atatu kuchokera pansi, ndipo nthawi zambiri amagwa chagada kapena chammbali. Helemeti ya hatchi imatsika kuphimba nkhongo, mabowo ake ndi aang'ono kuti nthambi kapena mwala zisalowe, ndipo imayesedwa poimenyetsa pa chinthu cha m'mphepete mwakuthwa monga chiboda chokhomedwa chitsulo. Ya njinga inapangidwira kugwa kwina. Mkati mwa yoyenerayo mumakhala chizindikiro monga PAS 015, VG1, EN 1384 kapena ASTM F1163. Ikakhala yopanda chizindikiro chotere ndi chipewa chokongoletsa chabe. Ku Britain lamulo la 1990 limakakamiza mwana wosafika zaka 14 kuvala helemeti akamakwera hatchi pamsewu, ndipo bungwe la FEI, loyendetsa mipikisano ya mahatchi padziko lonse, kuyambira 2021 linaleka kulola ngakhale akatswiri a dressage, mpikisano woonetsa luso la kayendedwe ka hatchi, kukwera ndi zipewa zawo zazitali zija.

Muyezeni mutu ndi tepi ya telala, mozungulira, masentimita awiri pamwamba pa nsidze ndi pamwamba pa makutu. Wa zaka 8 amakhala cha pa 52 kapena 53. Chizolowezi chathu chogula chachikulu kuti akulire momwemo pano sichigwira. Ikhale mowongoka, osati yopendekera kunkhongo. Lamba asanamange, agwedeze mutu uku ndi uku. Helemeti isaterereke, ndipo mukaigwedeza ndi dzanja khungu la pamphumi liziyenda nayo. Lamba wa pachibwano amangidwe moti chala chimodzi chokha n'chimene chingalowe.

Tsitsi limasokoneza zonsezi ndipo ogulitsa ambiri salitchula. Mukamuyeza ali ndi tsitsi lomanga lalikulu, akadzamasula helemeti ikhwepa. Mukamuyeza atamasula, akadzamanga siilowa. Sankhani kamangidwe kamodzi kogona, mizere yotsikira kunkhongo, ndipo mumuyeze ali choncho. Mikanda, zotsina zachitsulo ndi mfundo ya tsitsi pamwamba pa mutu zisakhale mkati mwa helemeti, chifukwa akagwa n'zimene zimadinda pachigaza. Ndolo zolendewera azivula.

Kugwa kwenikweni nthawi zambiri kumatha ndi mchenga m'kamwa ndi misozi. Choopsa n'kugwa phazi litakodwa m'chopondera, chija amati stirrup. Hatchi ikaona chinthu chikulendewera m'mbali mwake imathawa, ndipo imathawa ikumenya, mutu wa mwana uli pafupi ndi miyendo yakumbuyo. Zoteteza n'zosavuta. Nsapato ikhale yophimba kakolo, ya chidendene chotalika masentimita awiri kapena kuchepera pang'ono, yosalala kunsi kwake. Nsapato zothamangira zilibe chidendene, phazi limapitirira lonse. Majombo a kumunda ndi aakulu ndipo ali ndi mano kunsi, amakanirira. Phazi likakhala m'chopondera pazitsala mpata wa sentimita imodzi mbali iliyonse. Chopondera cha wamkulu sichiyenera mwana, ndipo apa ndi pamene mafamu ambiri amalakwitsa, chishalo chimodzi kukwerapo aliyense. Pemphani zopondera za ana zimene mbali yakunja ili ndi mphira womasuka yekha mwana akagwa. Aziponda ndi kutsogolo kwa phazi, chidendene chitatsika. Kumumangirira mwana pachishalo ndi nsalu kapena lamba kuti asagwe, musalole ngakhale wonenayo akhale mwini hatchi.

Lamba wodutsa pansi pa mimba, amene amati girth, ndi amene amagwira chishalo. Hatchi imaumitsa thupi pomumanga, kenako ikayenda imamasuka, lambayo n'kukhwepa. Amangidwe pang'onopang'ono, bowo limodzilimodzi, aonedwenso mwana asanakwere, ndiponso akayenda mphindi 5 kapena 10. Zala zogoneka zizilowa movutikira. Akakhwepa chishalo chimazungulira n'kupita pansi pa mimba pamodzi ndi wokwera. Yang'ananinso ulusi wosokera malamba a zopondera. Chikopa chikauma n'kuchita ming'alu pamabowo, chimaduka pa tsiku limene mwana wayamba kuthamanga.

Musanyengeke ndi kufupika kwa poni. Maponi ena ndi akathyali kuposa mahatchi aakulu, amadziwa kuti wakwerayo alibe mphamvu, amangoweramitsa mutu mwadzidzidzi kufuna udzu, mwana n'kudutsa pakhosi. Chofunika ndi msinkhu ndi khalidwe: mfule kapena yaikazi yofatsa ya zaka 10 kupita m'tsogolo, yozolowera ana. Mwana wosadziwa ndi hatchi yosadziwa asaphunzirire pamodzi. Funsaninso ngati yagwirako ntchito mkati mwa sabata. Hatchi yomwe yakhala m'khola masiku angapo ikudya chakudya chambiri chambewu imatuluka ili ndi mphamvu zosefukira, ndipo iyenera kuthamangitsidwa kaye pa chingwe chachitali mphindi 10 kapena 15 mwana asanakwere. Tsiku la mphepo, ngati zija za mu Ogasiti kumeneko, kapena madzulo a dzinja mabingu akamamveka, phunziro lilekeke. Inunso muli pampanda musatsegule ambulera, musakupize jumbo, musakuwe ngakhale mutaona mwana akupendekeka.

Maphunziro ayambire m'bwalo lamchenga lotchinga, chipata chotseka, wamkulu atagwira chingwe, mphindi 30 zakwana. Hatchi poyenda imachita makilomita 6 pa ola, pothamanga pang'ono (trot) cha m'ma 13, pothamangako ndithu (canter) cha m'ma 20, ndipo ikatayika ndi liwiro lonse imapitirira 40. Asapite pa sitepe yotsatira asanadziwe kuima ndi kukhota yekha pa imene alipo. Aphunzitsidwenso kagwedwe: kusiya zingwe, chibwano pachifuwa, manja osatambasula kuti atchinge nthaka, kugubuduka kutalikira hatchi. Akadzayamba kudumpha mipiringidzo adzafunika chovala choteteza nthiti ndi msana cholembedwa BETA Level 3. Komabe dziwani kuti palibe chovala chimene chimateteza khosi. Christopher Reeve, katswiri wa mafilimu wa ku America, anavala helemeti ndi chovala chotere pamene hatchi yake inakana kudumpha mu 1995 ku Virginia. Anagwera mutu, mafupa awiri oyamba a khosi anathyoka, ndipo sanayendenso. N'chifukwa chake mphunzitsi wothamangitsira ana kudumpha kuti makolo aombe m'manja ndi woyenera kumukayikira.

MayiWaKuMidrand

Zikomo kwambiri, za tsitsizo sindikanaziganiza. Ziwiri zina: helemeti yatsopano ndi yodula, nanga zogwiritsidwa kale ntchito zimene amagulitsa pa Facebook? Komanso bambo ake amva kwa anzawo kuti mwana akagwa azikwezedwanso pompopompo kuti mantha asakhazikike. N'zoona?

NamwinoWaAna

Mayi, zokweranso pompopompozo ndi mwambo wakale wa okwera mahatchi, ndipo ndi wabwino pokhapokha ngati mwana watsetsereka n'kugwera matako, mutu sunagunde, wadzuka yekha, akuyankha bwino ndipo palibe pakumuwawa. Mutu ukagunda, tsiku limenelo zatha, ngakhale iye atalirira kukwera. Ubongo wogwedezeka umachedwetsa maganizo ndi kuona, ndiye kugwanso n'kosavuta, ndipo kugunda kwachiwiri woyambawo usanapole n'koopsa kwambiri kwa ana.

Akagwa, wina agwire hatchi kaye kuti isamuponde. Inu musamunyamule. N'zimene mayi aliyense amathamangira, kumutola n'kumugwedeza, ndipo n'zimene zingasandutse fupa losweka la khosi kukhala kupuwala. Gwadani chakumutu kwake, mugwire mutu ndi manja awiri mmene wagoneramo, mumulankhule. Akupuma? Akuyankha? Khosi kapena msana ukuwawa? Akumva dzanzi m'manja kapena m'miyendo? Agwedeze zala za kumanja ndi za kumapazi. Ngati pali chimodzi chokayikitsa, asadzuke. Imbani 112 pa foni ya m'manja kapena 10177. Helemeti isavulidwe pokhapokha ngati ikumulepheretsa kupuma. Akafuna kusanza, mutembenuzireni chammbali anthu atatu pamodzi, mmodzi atagwira mutu, thupi lonse liyende ngati chinthu chimodzi. Ambulansi ikakhala kuti siibwera, mugonekeni pa thabwa kapena chitseko, matawelo okulunga mbali zonse za mutu, ndipo apite chogona. Musamuthire madzi, musamumwetse kanthu, chifukwa mwina afunika opaleshoni.

Za mutu, pitani kuchipatala nthawi yomweyo ngati anakomoka ngakhale masekondi ochepa, sakukumbukira zimene zachitika kapena akubwereza funso lomwelomwelo, akusanza, mutu ukuwawa moonjezereka, ali ndi tulo tovuta kumudzutsa, thupi lagwedezeka ngati wakhunyu, akuyenda modzandira, kakuda ka diso limodzi kakula kuposa kanzake, kapena m'khutu ndi m'mphuno mukutuluka magazi kapena madzi oyera. Helemeti ikasweka kapena kubonyoka, chimenechonso n'chifukwa chokwanira.

Chimene chimapusitsa makolo n'choti mwana atha kudzuka, kuseka, kudya, kenako patapita maola angapo n'kuyamba kufooka. Pamwamba pa khutu fupa la chigaza n'lopyapyala ndipo kunsi kwake kumadutsa mtsempha wa magazi. Ukang'ambika, magazi amadzadza pang'onopang'ono pakati pa fupa ndi ubongo, ndipo zizindikiro zimabwera mochedwa koma zikabwera zimathamanga. Choncho maola 24 mpaka 48 oyamba asakhale yekha. Kugona agone, palibe chifukwa chomukhazika maso usiku wonse, koma muzimuona, ndipo mumudzutse kamodzi kapena kawiri kuti muone ngati akukuzindikirani. Masiku awiri oyamba apume, foni ndi TV zichepe, kusukulu abwerere pang'onopang'ono. Malangizo amene boma la Britain linatulutsa mu 2023 a masewera a anthu wamba amati wogwedezeka ubongo asabwerere ku mpikisano pasanathe masiku 21. Muyezo umenewo ndi wabwino kuutsatira pa zokwera hatchi.

Theche la pamimba kapena panthiti ndi la kuchipatala nthawi zonse, ngakhale pakhungu pangooneka kachidindo kofiira. Nthiti za mwana n'zofewa, zimapindika osathyoka, ndiye mphamvu yonse imakafika ku kapamba kumanzere kapena ku chiwindi kumanja. Magazi amatayikira mkati osaoneka. Onani m'zikope ndi m'zikhatho ngati mwayera, thukuta lozizira, ludzu, mimba kuuma kapena kufufuma, mkodzo wofiira, ndi kupweteka kwa nsonga ya phewa lamanzere pomwe phewalo silinagunde. Mtima wa mwana wa zaka 8 atapuma umagunda ka 70 mpaka 110 pa mphindi. Ukakhala pamwamba pa pamenepo osatsika ngakhale waleka kulira, thamangani. Musadalire makina oyezera BP a kunyumba, chifukwa BP ya mwana imakhalabe bwino mpaka atataya magazi ambiri, kenako imagwa mwakamodzi. Matumbo akabooka, ululu utha kudzaonekera bwino mawa lake.

Zothyoka zimene zimachuluka ndi za mkono, chifukwa chotchinga nthaka ndi dzanja: pafupi ndi polumikizira dzanja, fupa lopingasa la pakati pa khosi ndi phewa, ndi pamwamba pang'ono pa chigongono. Cha pachigongonochi n'chofala pa zaka 5 mpaka 8 ndipo n'chofunika changu, poti pamenepo pamadutsa mtsempha waukulu wa magazi ndi minyewa yoyendetsa zala. Tsinani chikhadabo chiyere, mukasiya mtundu ubwerere pasanathe masekondi awiri. Muuzeni akhudzitse nsonga ya chala chachikulu ndi cholozera kupanga bowo lozungulira, atambasule zala zonse, aimike chala chachikulu. Dzanja likazizira, kuyera kapena kulephera chimodzi mwa zimenezi, ndi za usiku womwewo. Musakoke, musawongole, musasisite ndi mafuta. Chotsani zibangili kusanatupe, ikani katoni yopinda kunsi kwa mkono mmene uliri, kolekani ndi chitenje. Ayisi akulungidwe m'nsalu, mphindi 15 kapena 20. Kuti mwana akutha kugwedeza dzanja sizitanthauza kuti silinathyoke. Fupa la mwana limatha kusweka mbali imodzi yokha. Akamuika chikhakha, ululu ukamakulirakulira osamva mankhwala, makamaka mukamuwongola zala, bwererani osadikira tsiku limene analemba.

Mankhwala a ululu ndi panado, mamiligalamu 15 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Mwana wa makilogalamu 25 ndiye cha pa 375, kapena mamililita 15 a wamadzi uja wa 120 pa mamililita 5, maola 6 alionse, osapitirira kanayi patsiku. Asipirini ayi kwa ana, ndipo brufen adikire kaye ngati mukukayikira kuti magazi akutayikira m'mutu kapena m'mimba.

MlimiWaKuDedza

Nkhaniyi ikutikhudzanso kumudzi kuno, ngakhale hatchi timangoimvera kumalo a alendo. Kuno ndi abulu, ndipo oyendetsa ngolo zake ku Dedza, Lilongwe, Dowa ndi Mchinji nthawi zambiri ndi anyamata aang'ono.

Za chingwe ndi za kumbuyo zimene anena achimwene a kukhola n'chimodzimodzi, koma bulu musamuyese hatchi yaing'ono. Hatchi ikaopa imathawa. Bulu amaima nji, ndipo mukamukakamiza amalimbana nanu. Amatha kumenya chammbali ndi chakutsogolo ndi mwendo wakumbuyo, moti kuima pafupi ndi mimba yake si chitetezo. Wamphongo wosafula akaluma sasiya msanga, amakanirira n'kugwedeza. Ululu amaubisa, ndiye makutu ake sachenjeza momveka ngati a hatchi. Abulu ambiri oluma ali ndi zilonda pakhosi chifukwa chomangidwa goli la ng'ombe. Ng'ombe imakoka ndi khosi pa linunda, bulu amayenera kukoka ndi chifuwa, pa lamba wotambalala wofewa. Mwana akamaika goli pachilonda, dzanja lake ndi limene lili pafupi ndi mano.

Koma zoopsa kwambiri ndi ngolo yeniyeniyo. Zambiri zilibe mabuleki. Pamtsetse katundu amakankha nyama, nyama n'kuyamba kuthamanga, ndipo mwana amene wakhala pa mtengo wokokera kapena waimirira pamwamba pa matumba amagwera kutsogolo kwa tayala. Pamtsetse onse atsike, wamkulu ayende kumutu kwa nyama, wina akhale ndi mwala kapena chipika chotsekera tayala. Katundu alemere pamwamba pa ekiselo, osati kumbuyo, apo ayi mtengo umanyamuka. Pomasula ngolo yodzadza, tsekani matayala ndi kuchirikiza mtengo musanachotse goli. Kukwera kapena kutsika ngolo ikuyenda, ana aletsedwe. Pamsewu wa M1 kukada, ngolo yopanda zonyezimira kumbuyo siioneka mpaka galimoto itafika.

Zimene anena anamwino za khosi zivuta kuno chifukwa choyamba kupezeka ndi njinga yamoto ya kabaza. Wothyoka mkono atha kukwera atakhala pakati pa anthu awiri. Wodandaula khosi kapena msana asakwezedwe, ndi bwino ngolo yomweyo, atagona pa chitseko, ikuyenda pang'onopang'ono mpaka pomwe pali galimoto. Zothyoka zambiri amathana nazo pa chipatala cha boma cha m'boma lanu; za mutu ndi za m'mimba amatumiza ku zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre. Kuyamba mwadzera kotema mphini ndi komanga timitengo mothina n'kumene kumaonongetsa manja a ana.

MphunzitsiWaPaChishalo

Za helemeti yakale, mayi, ine ndikuti ayi. Chimene chimateteza si chigoba chakunja koma thovu louma la mkati, limene limaphwanyika kuti limwe mphamvu ya kugundako, ndipo likaphwanyika silibwereranso. Kunja itha kumawala bwinobwino mkati itatha ntchito, ndipo wogulitsa sangakuuzeni kuti inagwapo. Pa chifukwa chomwecho, yanu ikadzagunda pansi mutu uli momwemo, itayeni, ndipo dulani malamba ake kuti wina asaitole. Ngakhale isanagwe, opanga ambiri amati isinthidwe pakatha zaka zisanu, ndipo isamasiyidwe m'galimoto yotentha. Yotsika mtengo yatsopano yokhala ndi chizindikiro chija yapambana mayeso omwewo amene yodula yapambana. Zilipo zokhala ndi kagudumu kumbuyo kothinitsira, zimene zimamukwana mwana kwa nthawi yotalikirapo. Nsapato, buluku ndi magolovesi, zimenezo gulani za kaunjika popanda nkhawa.

NamwinoWaAna

Bambo a ku Dedza atikumbutsa zoluma, ndiye ndionjezere za mabala. Tizilombo ta kafumbata timakhala m'ndowe za mahatchi ndi abulu ndiponso m'dothi la m'khola, ndipo timakonda bala lakuya lopapatiza, monga la msomali, waya wa mpanda kapena foloko yotolera manyowa. Mwana asanayambe, onani buku lake la katemera. Ku South Africa, kuonjezera pa wa ukhanda, pali wobwereza pa zaka 6 ndi 12. Ngati anabadwira kumudzi n'kulandira wa masabata 6, 10 ndi 14 yekha, pitani naye kukiliniki akaone chimene chikusowa. Akadzavulala bala lauve, auzeni achipatala chaka chimene analandira womaliza.

Bala lolumidwa litsukidwe ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15 zathunthu, kenako liphimbidwe ndi nsalu yoyera. Musathiremo dothi, phulusa, mankhwala otsukira mano kapena mafuta a galimoto. Mano a hatchi ndi bulu amatswanya mnofu wamkati kuposa mmene pakhungu paonekera, choncho la padzanja, pankhope kapena pafupi ndi polumikizira mafupa likaonedwe tsiku lomwelo, ndipo nthawi zambiri limafuna mankhwala opha tizilombo. Hatchi ndi bulu zimadwalanso chiwewe zikalumidwa ndi galu kapena nkhandwe yodwala. Ngati nyama yolumayo yasintha khalidwe mwadzidzidzi, ikutuluka dovu, ikudziluma yokha kapena ikudzandira, itsekereni payokha, itanani alangizi a ziweto, ndipo mwana akayambe katemera wa chiwewe tsiku lomwelo osadikira zotsatira.